Mipata ya pakati pa zimphona zisanu

Mpira wa ku America wa m'makoleji ukamaonetsedwa pa kanema, kamera imakondera munthu mmodzi, quarterback. Ndiye amaponya mpira, ndiye amafunsidwa mafunso masewero akatha, ndiyenso amatenga mphotho zambiri. Koma mpira usanagwedezeke pamakhala kanthawi kochepa pamene osewera onse 22 aima m'malo mwawo, ndipo pa kanthawi kameneka maso anga amathamangira pansi, pa mapazi a anyamata asanu a matupi akuluakulu amene awerama kutsogolo kwa quarterback uja. Kutalikirana kwa phazi la uyu ndi phazi la mnzake kumaulula maganizo a mphunzitsi wa timuyo kuposa zonse zimene angayankhule kwa atolankhani. Kumakuuzani ngati akudalira mphamvu, kapena ngati akudziwa kuti mphamvuzo alibe ndipo akufunafuna njira ina.

Kwa amene masewerowa simunawazolowere, timu yomwe ili ndi mpira imapatsidwa mwayi kanayi kuti isunthe mayadi 10, omwe ndi mamita 9 ndi pang'ono. Ikatero imapatsidwanso kanayi kena, mpaka ikafike kumapeto kwa bwalo n'kupeza touchdown ya mapointi 6. Ulendo uliwonse umayamba ndi center, amene amawerama n'kupereka mpira kudzera pakati pa miyendo yake. Kumanja ndi kumanzere kwake kuli ma guard, ndipo kunja kwa ma guard kuli ma tackle. Asanuwa ndiwo offensive line, kapena kuti a pamzere. Amavala manambala a pakati pa 50 ndi 79, saloledwa kuwakha mpira woponyedwa kutsogolo, ndipo m'mayunivesite akuluakulu ambiri a iwo amalemera kupitirira makilogalamu 135. Ntchito yawo ndi kutchinga basi: kukankha adani kuti wothamanga ndi mpira apeze njira, kapena kuwachedwetsa kuti asamugwire quarterback asanaponye.

Malamulo amanena zambiri za anthu amenewa. Mutu wa guard kapena tackle usatsalire kumbuyo kwa chiuno cha center. Akangoika dzanja pansi asadzukenso mpaka mpira utachoka. Koma za kutalikirana kwawo malamulo ali chete, ndipo apa mphunzitsi aliyense amasankha yekha. Mpatawu amautcha split. Matimu ambiri amasiya masentimita pafupifupi 60. Ena amatseka mpaka nsapato kugundana. Ena amatambasula kufika yadi yathunthu, masentimita 91, ofanana ndi kutalikirana kwa mizere ya chimanga ya kalimidwe kakale alangizi asanayambe kulimbikitsa masentimita 75. Munthu wamkulu atha kudutsa pamenepo osakhudza aliyense.

Kale mpatawu kunalibe. Mu 1892 Harvard inabwera ndi flying wedge pa masewero ake ndi Yale, osewera akuthamanga ataunjikana m'maonekedwe a V, wonyamula mpira atabisika mkati. Anthu ankathyoka mafupa. Mu 1905 osewera osachepera 18 anamwalira m'dzikomo, ndipo Pulezidenti Theodore Roosevelt anaitanitsa akuluakulu a mpira a Harvard, Yale ndi Princeton ku White House. Chaka chotsatira kuponya mpira kutsogolo kunaloledwa, ndipo mu 1910 analetsa zotchinga mutakolekerana manja. Komabe kwa zaka zina zambiri a pamzere ankaimabe phewa ndi phewa, pokhulupirira kuti mzere wopanda ming'alu ndiwo wolimba.

Amene anatsutsa chikhulupiriro chimenechi ndi Don Faurot wa ku Missouri, mu 1941, ndi kaseweredwe kake ka Split-T. Nzeru anaitenga ku basketball, pamene osewera awiri akuthamangira woteteza mmodzi ndipo chilichonse chimene wotetezayo angasankhe n'cholakwika. Faurot anawatalikitsa a pamzere ake, ndipo funso limene anawaponyera adani lidakalipo mpaka lero.

Tiyerekeze kuti inu ndinu woteteza, mwauzidwa kuti muime moyang'anizana ndi tackle. Tackle uja wasendera kunja ndi theka la yadi. Mukamutsata, mwatsegula khomo lalikulu pakati pa inu ndi mnzanu wa mkati, popanda wina kukukankhani. Mwadzichotsa nokha. Mukakana kumutsata, ndiye kuti iye ali kunja kwanu, akubwererani cha m'nthiti n'kukutsekerani mkati, mpira n'kudutsa kunja. Ndipo kukankha munthu cha m'nthiti n'kosavuta poyerekeza ndi kulimbana naye chifuwa ndi chifuwa. Mnyamata wa makilogalamu 120 atha kusuntha wa 140 ngati wamupeza m'mbali. Chachitatu chimene mungachite ndi kuima mu mpata momwemo n'kudumphiramo mpira ukangochoka. Ichi ndicho chimasowetsa tulo aphunzitsi okonda mipata ikuluikulu, ndipo tibwerako.

Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse Faurot anaphunzitsa timu ya asilikali ya Iowa Pre-Flight, ndipo mmodzi wa omuthandiza anali Bud Wilkinson. Wilkinson anapita nayo Split-T ku Oklahoma, kumene anapambana masewero 47 otsatizana kuyambira 1953 mpaka 1957, pamene Notre Dame inawaimitsa ndi 7-0. Palibe timu ya makoleji akuluakulu yomwe yafikapo pamenepo. Kuchokera apo kunabadwa njira zina zosewerera: veer ya Bill Yeoman ku Houston, wishbone ya Emory Bellard ku Texas mu 1968, ndipo pambuyo pake flexbone yomwe Paul Johnson anatchuka nayo ku Georgia Southern, ku Navy kuyambira 2002 mpaka 2007, ndi ku Georgia Tech kuyambira 2008 mpaka 2018.

Ndikufuna ndichedwe pang'ono pa triple option ya matimu amenewa, chifukwa ndi pamene munthu amaona ndi maso chimene mpata umachita. A pamzere atalikirana pafupifupi yadi, dzanja pansi, thupi lonse lapendekera kutsogolo, matako m'mwamba. Quarterback ali pafupi kwambiri ndi center, manja ake pansi pa iye. Kumbuyo kwake kuli wothamanga wamphamvu, B-back, ndipo m'mbali zonse ziwiri muli othamanga aliwiro, ma A-back. Mpira ukachoka, tackle wa kumanja amachita chinthu chodabwitsa kwa woonera koyamba: amamusiya dala woteteza amene ali pamaso pake, osamukhudza n'komwe, n'kulowera mkati kukatchinga linebacker, woteteza amene amaima kumbuyo kwa oteteza a kutsogolo. Quarterback amaponda cha kumanja, n'kuika mpira pamimba pa B-back koma osautaya, maso ali pa woteteza wosiyidwa uja. Akaona kuti mapewa ake atembenukira mkati kudzagwira B-back, amasolola mpira n'kuthamanga nawo yekha motsata mzere. Akaona kuti waima kapena walowera kunja, amausiya m'manja mwa B-back. Ngati wausolola, kutsogolo kuli woteteza wachiwiri amenenso wasiyidwa dala, ndipo akabwera pa quarterback, mpira umaponyedwa cha m'mbali kwa A-back amene wakhala akuthamanga motsatira.

Zonsezi zimachitika m'kuphethira kwa diso, ndipo chimene chimamupatsa quarterback nthawi yowerenga ndi mpata uja. Woteteza woyamba akakhala pafupi, atha kugwira onse awiri pamodzi, quarterback ndi B-back, mpira usanadziwike mwini wake. Akakankhidwira kunja ndi mipata iwiri ya yadi, ayenera kusankha msanga ndipo kusankha kwake kumaonekera patali. Choncho anthu awiri a mbali yoteteza achotsedwa popanda kuwagwira, ndipo a pamzere asanu aja atsala ndi adani ochepa oti alimbane nawo.

N'chifukwa chake kaseweredwe aka kanakhazikika m'masukulu a asilikali, Army ku West Point, Navy ku Annapolis ndi Air Force ku Colorado Springs. Mnyamata amene akulota zokasewera mu NFL, ligi yaikulu ya osewera olipidwa, kawirikawiri sasankha sukulu imene akamaliza ayenera kutumikira usilikali zaka zisanu. A pamzere a kumeneko amakhala opepukirapo, ndipo sangapambane nkhondo ya chifuwa ndi chifuwa ndi zimphona za mayunivesite olemera. Mu Seputembala 2018 Army inapita ku Norman kukakumana ndi Oklahoma ya quarterback Kyler Murray, amene chaka chomwecho anatenga Heisman Trophy, mphotho ya wosewera woposa onse m'makoleji. Army inasunga mpira mphindi zoposa 44 mwa mphindi 60, mayadi atatu apa, anayi apo, Murray akungoonerera ali kunja. Nthawi inatha ali 21-21, ndipo Oklahoma inapulumukira m'nthawi yoonjezera, 28-21.

Tsono chimene chimandikoka mtima kwambiri pa nkhaniyi ndi chakuti munthu winanso wotchuka ndi mipata ikuluikulu anali wa maganizo otsutsana kotheratu ndi asilikaliwa. Mike Leach sankakonda kuthamanga ndi mpira. Ankafuna kuponya, ulendo ndi ulendo. Iye sanasewerepo mpira umenewu ku koleji. Anasewera rugby ku yunivesite ya Brigham Young (BYU), anaphunzira zamalamulo ku Pepperdine, kenako mu 1989 anakagwira ntchito ndi Hal Mumme pa kakoleji kakang'ono ka Iowa Wesleyan, komwe ankaphunzitsa a pamzere. Kumeneko awiriwa anaumba njira yodalira kuponya mpira yotchedwa Air Raid, napita nayo ku Valdosta State ndi ku Kentucky. Mu 2000 Leach anakhala mphunzitsi wamkulu wa Texas Tech ku Lubbock, kumadzulo kwa Texas, kumene anyamata osankhika kwambiri sapita kawirikawiri chifukwa Texas, Texas A&M ndi Oklahoma amakhala atawatenga kale.

A pamzere a Leach ankatalikirana yadi, nthawi zina kupitirira, ndipo sankaika dzanja pansi. Ankaima atapinda maondo, manja ali okonzeka pachifuwa. Mpira ukachoka sankapita kutsogolo kukakumana ndi mdani. Ankabwerera chambuyo msangamsanga, onse asanu mofanana, n'kumudikira mdaniyo kuti abwere yekha. Masamu ake ndi osavuta. Pakati pa center ndi tackle pali mipata iwiri. Mukaonjezera masentimita 30 pa mpata uliwonse, defensive end, woteteza wa kumapeto kwa mzere, amene nthawi zambiri ndiye waliwiro ndi woopsa pa oteteza onse a kutsogolo, wayambira masentimita 60 kutali ndi pomwe akadayambira. Ndi sitepe imodzi chabe, koma quarterback amene amataya mpira m'masekondi awiri kapena atatu amangofuna sitepe imeneyo. Kuonjezera apo, quarterback amaona bwino kudzera m'mipatamo, mpira sugundagunda manja a oteteza, ndipo oteteza awiri akafuna kusinthana njira kuti asokoneze a pamzere, ulendo wawo umatalika moti guard ndi tackle amauona n'kupatsirana anthu mosavuta.

Zipatso zake zinaoneka. Mu 2003 quarterback wa Texas Tech B.J. Symons anaponya mayadi 5,833 m'chaka chimodzi, mbiri yomwe inakhala mpaka 2021. Pa 1 Novembala 2008 Texas inafika ku Lubbock ili nambala 1 m'dziko lonse. Kutatsala masekondi 8, Texas Tech ikutsalira ndi pointi imodzi, quarterback wake Graham Harrell anaponyera Michael Crabtree cha kumalire a kumanja, Crabtree anapulumuka m'manja mwa woteteza n'kulowa, mayadi 28, ndipo masewero anatha 39-33. Aliyense amakumbukira manja a Crabtree. Mukapeza kanema wake pa YouTube, yang'anani kaye kutsogolo kwa Harrell, muone mmene anaimira mosatekeseka pa ulendo umene bwalo lonse linkadziwa kuti aponya.

Leach ndi Johnson, wina woponya mosalekeza, wina wokhoza kumaliza masewero ataponya kasanu kokha, anafika pa yankho limodzi chifukwa vuto lawo linali limodzi. Analibe anyamata oti angogwetsa mdani ndi mphamvu. Choncho anagwiritsa ntchito chinthu chimene sukulu iliyonse, yolemera ndi yosauka, imapatsidwa mofanana: bwalo la mayadi 53 m'lifupi.

Koma mpata uli ndi mtengo wake, ndipo sindikufuna kuubisa. Mukatalikirana, aliyense amatsala yekhayekha. Guard akagonja, center ali patali kuti amuthandize. Woteteza wa liwiro amene waima mu mpata wa pakati pa center ndi guard atha kulowa asanakhudzidwe, ndipo njira imeneyo ndiyo yaifupi kwambiri yofikira pa quarterback. Leach ankayankha ndi mipira yachangu, yaifupi, yoponyedwa kumene woteteza wachoka. Asilikali amayankha ndi kugwera m'miyendo mwa mdani kapena kuchepetsa mpata akaona kuti wayamba kudumphiramo. Pali mdani winanso amene mpata sungamuchite kanthu, amene wangokana kubwera. Mu Seputembala 2020, pa masewero ake oyamba ngati mphunzitsi wa Mississippi State, Leach anagonjetsa Louisiana State (LSU), akatswiri a chaka chapitacho, 44-34, quarterback wake K.J. Costello ataponya mayadi 623. Matimu otsatira anaphunzirapo. Anangotumiza anthu atatu kwa quarterback, asanu ndi atatu n'kubwerera m'mbuyo kukadzaza malo onse oponyerako. Arkansas inapambana 21-14, Kentucky 24-2. Ngati oteteza akusiyirani pakati pali pululu inu osathamangapo, mipata ija yangokhala yokongoletsa.

Mbali inayo kuli amene amatseka mipata, ndipo amatero chifukwa mphamvu ali nazo. Kaseweredwe kawo kodziwika ndi power. Guard ndi tackle a mbali imene mpira ukupita amagwirizana pa mdani mmodzi, chiuno ndi chiuno, osasiya ngakhale podutsa dzanja, n'kumukankha chambuyo mpaka akagwere m'miyendo mwa linebacker wake. Nthawi yomweyo guard wa mbali inayo amachoka pamalo pake, kuthamanga kuseri kwa center, n'kukhotera pakhomo lomwe latseguka, wonyamula mpira ali pambuyo pake. Apa kuyandikana kumathandiza paliponse. Awiri ogwirizana aja amakumana pa sitepe yoyamba. Guard wozungulira ulendo wake umafupika. Ndipo center atha kutseka dzenje limene guard wasiya mdani asanalowemo.

Michigan inaonetsa zimenezi pa 11 Novembala 2023 ku Penn State, pamaso pa anthu oposa 100,000. Kumayambiriro woteteza wa Penn State Chop Robinson ndi anzake ankafika pa quarterback wa Michigan J.J. McCarthy mwachangu choopsa. Michigan sinalimbane nazo. Inalowetsa a pamzere oonjezera, wachisanu ndi chimodzi, nthawi zina wachisanu ndi chiwiri, inaunjikana, n'kuthamanga ndi mpira maulendo 32 otsatizana mpaka masewero kutha. McCarthy anaponya kasanu ndi katatu tsiku lonse. Wothamanga wa Michigan Blake Corum anatseka nkhani ndi touchdown ya mayadi 30, ndipo zinatha 24-15. Penn State inkadziwa chimene chikubwera ulendo uliwonse, koma kudziwa sikunathandize. Mu Januwale 2024 Michigan yomweyo inatenga chikho cha dziko lonse pogonjetsa Washington 34-13, itathamanga mayadi oposa 300. N'zokoma kuonera, koma si sukulu iliyonse imene ingasonkhanitse zimphona zisanu ndi ziwiri zotere, ndi zina zodikira pa benchi.

Matimu ambiri ali pakatikati, makamaka a zone blocking monga Iowa ya Kirk Ferentz, amene asanakhale mphunzitsi wamkulu mu 1999 anali ataphunzitsapo a pamzere pa sukulu yomweyo. Kumeneko onse asanu amaponda mbali imodzi nthawi imodzi, aliyense kuyang'anira dera osati munthu, ndipo mipata imayenera kukhala yofanana ulendo uliwonse. Chifukwa china n'chakuti oteteza nawonso amawerenga. Guard amene amachepetsa mpata nthawi iliyonse akafuna kuzungulira, waulula chinsinsi. Amene wapendekera kutsogolo mpaka zala za dzanja lake kuyera ndi kulemera, akunena kuti akubwera kudzakankha. Amene dzanja langokhudza udzu pang'ono, thupi lili pa zidendene, akubwerera kapena akuzungulira. Ma linebacker amathera maola pa kanema kufunafuna tinthu timeneti, ndipo akapeza kamodzi amakuwa mpira usanachoke.

Mu 2022 NCAA, yomwe imayendetsa masewero a m'makoleji, inasintha lamulo la kutchinga kumunsi kwa chiuno. Tsopano amaloledwa a pamzere okha ndi othamanga amene aima mkati mwa dera la pakati pa ma tackle, ndipo kunja kwa deralo n'koletsedwa. Chifukwa chake ndikuchimvetsa ndipo sindichinyoza: bondo la mnyamata wa zaka 20 likawonongeka, amalimva moyo wake wonse. Koma amene analipira kwambiri ndi matimu a option, chifukwa A-back wamng'ono thupi ankadalira kugwera m'miyendo mwa woteteza wamkulu kunja kuja kuti mnzake adutse. Lamulo linatenga chida m'manja mwa ofooka, la amphamvu osakhudzidwa, ndipo zimenezo zimandipweteka.

Jeff Monken, mphunzitsi wa Army kuyambira 2014, anaona ngati nthawi ya kaseweredwe kakale yatha. Mu 2023 anamubweza quarterback m'mbuyo, mu shotgun, kuti aziima mayadi angapo kuchokera pa center, monga matimu ena onse. Sizinayende bwino, ndipo chakumapeto kwa chakacho anayamba kubwerera ku zakale. Mu 2024 Army inayambanso kuika quarterback pafupi ndi center, koma ikuthamanga kwambiri mkati, kumene lamulo latsopano silinaletse kanthu, quarterback Bryson Daily akunyamula mpira yekha kambirimbiri kuseri kwa ma guard ake. Anapambana masewero 12, kugonja awiri, natenga chikho cha American Athletic Conference pogonjetsa Tulane 35-14. A pamzere awo analandira Joe Moore Award, mphotho imene inayamba mu 2015 ndipo imaperekedwa kwa asanu onse pamodzi, osati kwa munthu mmodzi. M'mbuyomo inkapita ku Alabama, Iowa, Notre Dame, Oklahoma, LSU, Michigan ndi Washington. Aka kanali koyamba kuti ipite ku sukulu ya asilikali.

Ndikadakonda kuona masukulu ena ang'onoang'ono akutengerapo phunziro, m'malo moyesa kusewera ngati Michigan ndi anyamata amene Michigan inawasiya. Koma mphepo ikulowera kwina. Leach anamwalira pa 12 Disembala 2022, ndipo ambiri mwa ophunzira ake anasunga njira zake zoponyera koma mipata anaichepetsa kuti azithamanganso ndi mpira. Georgia Tech inasiya option Johnson atangopuma mu 2018. Pa matimu oposa 130 a gawo lapamwamba la FBS, amene moyo wawo udakali pa option ndi makamaka Army, Navy ndi Air Force.